A Sakala ndi nsapato zachitsulo za Tadala

Apongozi anga, a Yotamu Sakala, tinawaika m'manda mwezi watha. Ankagulitsa nsapato za ana pamsika wa Kabwata, zija zovalidwapo kale za salaula, ndipo ambiri mwa anthu amene anabwera pamaliro sankadziwa dzina lawo loyamba. Iwonso akanati adzuke sakanazindikira nkhope za anthuwo. A Sakala sankayang'ana munthu kumaso. Ukawapatsa moni, maso awo ankatsikira pansi, n'kuyamba acheza kaye ndi nsapato zako, kenako n'kukuyankha malinga ndi zimene nsapatozo zawauza. Pakhomo la nyumba ya maliro panaunjikana mapatapata ndi nsapato za azimayi amene anali m'kati, ndipo ndinaganiza kuti mwini nyumba yekha ndiye akanatha kunena kuti wabwera ndani, wachokera kuti, wakwera basi kapena wayenda pansi.

Tsiku lachiwiri kunafika gulu la azimayi amene abale ochokera ku Katete sanawadziwe. Ena anabereka makanda a miyendo yomangidwa pulasitala, ena ankakoka ana oyenda okha. Anafunsa ngati pano ndi pamaliro a ba dokota. Achemwali awo a malemu, amene ankadziwa bwino pamene a Sakala analekezera sukulu, anawauza kuti akafunse nyumba zakutsogolo. Amayi, apongozi anga aakazi, ndi amene anatuluka n'kuwalowetsa.

Ine ndinawadziwa a Sakala tsiku limene ndinapita ndi ankhoswe anga kukaonekera kwa makolo a Esinati. Ndinali nditangomaliza kukoleji, ndipo ndinavala nsapato zosongoka zimene ndinkaziona ngati umboni wa maphunziro anga. Nkhani yonse inakambidwa iwo ali chiweramire. Ndinkayesa ndi ulemu wa chipongozi. Pambuyo pake Esinati anandiuza zimene bambo ake ananena titachoka. Akuti mnyamatayo amadya chidendene mbali yakunja, ndiye kuti ndi wamakani. Nsapatozo n'zakedi, sanabwereke, chifukwa zapindika motsatira phazi lake. Koma anagula zomukwana ndendende, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha munthu wosaganizira za mawa. Phazi langa linali litasiya kukula kalekale, koma kwa iwo chimenecho sichinali chifukwa.

Chikhulupiriro chawo chachikulu, mwina choposa cha kutchalitchi, chinali chakuti nsapato ya mwana izikhala yaikulu kuti akuliremo. Ankati nsapato yokwana lero ndi nsapato yofa kale. Mayi akabwera ndi kachingwe kamene wayezera phazi la mwana kunyumba, a Sakala ankakalandira mwaulemu, n'kuwonjezerapo zala zawo ziwiri, ndipo zala zawo zinali zonenepa. Danga lotsalalo ankatsekamo nyuzipepala yakale. Ana ambiri a ku Kabwata anaphunzira kuyenda mokhwekhwereza ngati abakha, moti ukamva phwa phwa phwa kumbuyo kwako m'mawa wa sukulu, sunkafunika kucheuka kuti udziwe kumene nsapatozo zinagulidwa. Mayi wina wa ku Kabulonga anatsika m'galimoto ndi mwana wake kudzafuna nsapato zomukwana, ndipo anabwerera chimanjamanja. Anamuuza kuti iwo sagulitsa nsapato kwa kholo limene silikhulupirira kuti mwana wake akula.

Chikhulupiriro chachiwiri chinali chakuti chinthu chabwino sichigwiritsidwa ntchito tsiku wamba. M'kabati mwawo munali makapu amene anakalamba osalawapo tiyi, ndipo anali ndi jekete imene inkaona dzuwa paukwati ndi pamaliro basi. Amayi ankati mwayi wawo ndi wakuti sanabadwe okongola kwambiri, apo ayi bwenzi nawonso ali m'kabatimo. Zikhulupiriro ziwirizi zinkayenda bwinobwino, chilichonse njira yake, mpaka zinakakumana pa mapazi a mwana wanga.

Tadala anabadwa ndi mapazi onse awiri opindika. Anali okhotera m'kati, zidendene zili m'mwamba, kunsi kwake kukuyang'anizana ngati manja a munthu amene akufuna kuwomba m'manja. Anthu analankhula zambiri. Ena ankati Esinati anaseka wolumala ali ndi pakati, ena ankati tiyang'ane bwino abale. A Sakala anatenga timapazito m'dzanja limodzi, n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati m'manja mwawo mwadutsa mapazi ambiri, koma awa nsapato yake alibe. Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera kuti pali katundu amene alibe. Kuyambira tsikulo ankamutchula mwanayo akazi anga, monga achitira agogo ndi mdzukulu wamkazi, ndipo analengeza kuti akazi awo sadzavina ndi akakolo anzawo akuvina ndi mapazi.

Kuchipatala anatiuza kuti mapazi otere amawongoka mwana akayamba msanga. Sabata iliyonse ankawawongola pang'ono ndi manja, n'kumanga pulasitala kuyambira kuzala mpaka m'ntchafu. Kumapeto anadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene kuti chidendenecho chitsike, ndipo atachotsa pulasitala womaliza, mapaziwo anali ngati a mwana aliyense. Tinkayesa tamaliza. Sista Mulenga, amene ankayang'anira chipinda cha mapazi, anatiseka. Anatulutsa tinsapato tiwiri tachikopa, totseguka kuzala, tolumikizidwa ndi chitsulo chotalika ngati mapewa a mwanayo. Anati phazi lopindika lili ngati mlendo wokumba kwawo, ukangolitayirira labwerera. Mwana azivala nsapatozo usana ndi usiku miyezi yoyamba, kenako pogona pokha, mpaka atakwana zaka zinayi kapena zisanu. Kumbuyo kwa kansapato kalikonse kunali kabowo kosuzumirapo kuti uone ngati chidendene chafika pansi. Chikapanda kufika, ndiye kuti mwana sanavale kanthu.

Esinati ndiye ankadziwa kumanga. Ankang'ung'udza kanyimbo uku akukoka malamba, mwana n'kulira pang'ono, n'kusiya. Anamwalira Tadala asanayambe kukwawa, atadwala masiku ochepa. Za zimenezo sindilemba pano.

Banja linagwirizana kuti mwana azikhala ku Kabwata ndi agogo ake m'kati mwa sabata, ine ndizimutenga Loweruka kupita naye kwanga ku Chelstone, n'kumubweza Lamlungu madzulo. Loweruka lililonse ndinkalandira mwana, chikwama cha matewera, ndi nsapato zachitsulo zili m'pepala la pulasitiki, zopukutidwa, zonyezimira. Ndikamumanga, Tadala ankalira mpaka mawu kusasa. Ndikafunsa ku Kabwata, a Sakala ankati kwawoko mwana amagona ngati mwala, n'kuwonjezera kuti kulera si za m'mabuku. Ndinavomera kuti vuto ndi manja anga.

Panapita miyezi. Tadala anayamba kuima atagwirira mpando, ndipo ndinaona kuti phazi lamanzere likuponda ndi m'mphepete. A Sakala anati ana onse amayamba choncho, ndipo iwo ana awaona ambiri kuposa ine. Tsiku lokamuonetsanso kuchipatala litafika, ndinapempha tchuthi kuntchito, tinapita awiri. Iwo anavala jekete ija.

Pabenchi lodikirira panali azimayi okhaokha, aliyense ndi mwana wake ndi chitsulo chake. Nsapato zawo zinali zokandikakandika, zakuda ndi thukuta, malamba otafunidwa. A Sakala anamasula zathu m'pepala n'kuziika pamiyendo kuti aliyense azione zikunyezimira. Anandinong'oneza, mokweza ndithu, kuti anthu ena sadziwa kusamala katundu wa chipatala.

Titalowa, Sista Mulenga anagoneka mwana, n'kugwira phazi lamanja, kulikankhira m'mwamba. Linapita. Anagwira lamanzere. Linakana. Anayesanso. Kenako anatenga nsapato zija, anazitembenuza, anasuzumira m'kati, n'kuzifikitsa pamphuno.

"Ba Sakala, izi nsapato zinunkhila polishi. Nsapato ya mwana ifunika kununkha mwana. Avala liti?"

"Loweruka ndi Lamlungu, kwa atate ake. Ndiponso tsiku ngati lero."

"Nanga masiku ena?"

"Masiku ena ali nazo zapakhomo."

Ananena zimenezi mosangalala, ngati munthu amene wakhala akudikira funsolo. Anali atazitenga zapakhomozo m'thumba lawo, chifukwa ankafuna kulangiza achipatala kuti ayambe kupanga zotere. Chitsulo chake anachidula ku bedi lawo, limene mpaka lero limapendekeka. Pa chitsulopo anakhomerapo tinsapato tofiira tofewa, tokhala ndi kaduwa pamwamba, tabwino kuposa tonse timene tinatulukapo m'belo la salaula chaka chimenecho. Tinali totseka kuzala kuti mwana asamve kuzizira. Kabowo kakumbuyo kanalibe, chifukwa munthu wanzeru saboola chikopa chabwino. Ndipo tinali tatikulu ndi zala ziwiri, m'kati muli nyuzipepala. Zachipatala zija, iwo anafotokoza, n'zolimba komanso n'za eni ake, ndiye ankazisunga kuti zisathe msanga.

Ntchito yake inali yaukhondo, ngakhale Sista anavomera. Anamuveka Tadala tinsapato tofiirato, n'kumanga malamba mpaka pomaliza, n'kumukhazika pansi. Mwanayo anagwedeza miyendo kawiri, anasolola mapazi onse ngati akutuluka m'beseni, n'kuyamba kukwawira kuchitseko akuseka. Chitsulo chinatsala pakati pa chipinda chokhachokha.

"Ndiye chifukwa chake agona bwino," anatero Sista.

Sanakalipe. Anamunyamula mwanayo, n'kuwaitana a Sakala kuti asendere pafupi. Anaika chala chawo chachikulu kunsi kwa phazi lamanja kuti akankhe okha, kenako kunsi kwa lamanzere. Ndinaona chala chonenepa chija chikukankha, phazi osasuntha, chidendene chitakwera m'mwamba ngati kale. Anakankhanso. A Sakala sankadziwa mayina a mitsempha, koma chimene chala chawo chinamva sichinafune womasulira. Anati, "Labwerera." Sista anati inde, labwerera, ndipo lamanja likanatsatira. Tiyambirenso pulasitala sabata iliyonse, mwina adulenso mtsempha uja, ndipo mwana wamkulu savomera ngati khanda. Tikanachedwa miyezi ina ingapo, ikanakhala nkhani ya opaleshoni yaikulu, ndipo phazi lochitidwa opaleshoni yotere silifewa ngati linzake.

Tinakwera minibasi kubwerera. Titafika ku Kabwata, amayi ataona miyendo ya mdzukulu wawo yayeranso ndi pulasitala, anati iwo ananena. A Sakala anati sananene. Amayi anati ananena chamumtima, chifukwa m'nyumba muno mawu abwino nawonso amasungidwa m'kabati.

Ine ndinali nditakonza mawu anga njira yonse, koma mkamwini ali ndi malire ake. Ndinatsanzika. A Sakala anandiperekeza mpaka pamsewu, zimene sanachitepo, ndipo pamenepo anandiyang'ana kumaso. Maso awo anali ofiirira, aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"A Mwanza, mwana mukhoza kumutenga. Palibe akuletseni."

Ndinawafunsa kuti ndikamutenga, azipita naye ndani kuchipatala sabata iliyonse ine ndili kuntchito. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti iwo alipo. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka imfa yawo.

Mwana woyamba kuima, miyendo yonse ili m'pulasitala, amalemera ngati thumba la simenti, ndipo msana wa amayi unali utakana kale ntchito zotere. Choncho a Sakala, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, anatenga chitenje cha akazi awo n'kubereka. Anthu a ku Kabwata akuwakumbukira akudutsa pamsika m'mawa, miyendo iwiri yoyera itatuluka uku ndi uku m'chiuno mwawo ngati nyanga. Oitanira mabasi ankawafunsa kuti mudala, amayi anathawa kodi? Iwo ankayankha kuti akazi awo ndi amene ali kumbuyowa, ndipo mnyamata amene nsapato yake yayasama ngati ng'ona asamalankhule pagulu. M'basi mapulasitala aja ankagogoda mawondo a anthu, ndipo aliyense wodandaula ankalandira phunziro la mapazi opindika kuyambira pachiyambi mpaka potsikira. Patapita masabata angapo kondakitala wina anayamba kuwasungira mpando wakutsogolo. Sindikudziwa ngati chinali chifundo kapena kuteteza makasitomala.

Mtsempha anaudulanso. Phazi linatsika. Sista anapereka nsapato zina zachitsulo, n'kuwauza a Sakala kuti akufuna kudzaziona zitatha, zitanunkha, zochititsa manyazi. Anamvera lamulolo ndi mtima wonse umene kale ankasungira makapu. Dzuwa likangolowa ankagwada pamphasa, magalasi pamphuno, kuyatsa tochi ya foni, n'kusuzumira pa kabowo kaja ngati munthu wofuna mbewa kuuna. Chidendene chikapanda kuoneka, ankamasula zonse n'kuyambiranso. Tadala akalira, iwo ankayimba nyimbo za m'buku mokweza kuposa kulirako, ndipo mawu awo anali otero kuti aneba anabwera kudzapempha kuti bola azimva mwanayo.

Tadala atayamba kulankhula, anazindikira msanga kuti ali ndi katundu wogulitsa. Madzulo alionse ankati agogo, lero lokha. Iwo ankati akazi anga, pemphani china chilichonse, koma chimenechi ayi. Ndipo ankapemphadi. Mwa njira imeneyi analandira maswiti, mabaluni, ambulera, ndiponso kamwanapiye kamoyo, kamene kanakula n'kukhala tambala wolusa amene ankathamangitsa alendo. Amayi ankati mwanayu adzayenda mowongoka koma khalidwe lidzapindika. A Sakala ankati khalidwe lilibe chipatala chake, ndiye tiyambe ndi chimene chili nacho.

Ine sanandikhulupirirenso. Lamlungu lina m'mamawa ndinamva kugogoda ku Chelstone, ndipo nditatsegula ndinapeza apongozi anga, atakwera mabasi awiri, akuti amangodutsa. Ku Chelstone munthu wa ku Kabwata sangodutsa. Analowa, anapita molunjika kumene mwana anagona, anasuzumira pa timabowo tonse tiwiri, n'kutuluka kuti akapeze mapemphero. Tiyi anakana. Mkulu mnzawo wa mpingo atawauza kuti kumanga mwana m'zitsulo ndi kuchepa chikhulupiriro, ndipo amumasule n'kupemphera, a Sakala anavomera kuti atero tsiku limene mkuluyo adzavule magalasi n'kuwerenga Baibulo ndi chikhulupiriro chokha. Awiriwo sanapatsane moni mpaka Khirisimasi.

Udokotala unayamba mawondo awo atayamba kuvuta. Anasiyira mphwawo benchi la kumsika, ndipo tsiku lililonse la mapazi ankapezeka kuchipatala, kaya Tadala akufunika kapena ayi. Palibe anawalemba ntchito. Ankanunkhiza nsapato za ana a eni, n'kudzudzula mayi aliyense amene zake zinali zoyera. Mayi watsopano akamalira, ankamuuza nkhani ya tinsapato tofiira, koma m'kufotokoza kwawo wopanga wake anali mkulu wina wa ku Chilenje, munthu wamakani kwambiri. Azimayi onse ankadziwa kuti mkuluyo ndani, ndipo ankafunsa dala kuti masiku ano ali bwanji.

Vuto linali lakuti anayamba kuona matenda paliponse. Mwana aliyense wa mapazi ophwatalala ankamulembera ulendo wa kuchipatala. Sista Mulenga anawafotokozera kangapo kuti phazi la mwana wamng'ono limakhala lonenepa kunsi, mphako yake imaoneka akamakula, ndiponso kuti matewe a mwana woyamba kuyenda nthawi zambiri amawongoka okha. A Sakala ankamvetsera, n'kubweretsa wina sabata yotsatira. Tsiku lina anafika ndi mayi wa kutchalitchi ndi mwana wake, amene ankapunthwa n'kugwa pafupipafupi, ndipo anali atamuuza kale mayiyo kuti alimbe mtima. Sista anamuyang'ana mwanayo akuyenda. Anamuvula nsapato, anasololamo nyuzipepala, tsamba ndi tsamba, n'kumuuza kuti athamange. Anathamanga ngati gwape. Sista anafunsa mayiyo kumene anagula nsapatozo, mayiyo n'kuyang'ana pansi. A Sakala anati achipatala amadziwa mapazi koma sadziwa kulera, ndipo mwanayo akanazikwana ikamafika Pasaka. Pa nkhani ya nsapato zazikulu sanasinthe mpaka kumanda. Tadala yekha ndiye anali ndi chilolezo chovala zomukwana.

Koma si onse amene anawabweretsa pachabe. Panali mtsikana wina kutchalitchi amene khanda lake linkakhala lokutidwa miyendo ngakhale mu Okutobala. A Sakala sanamufunse kanthu. Anangokhala pafupi naye Lamlungu lina, n'kumuuza Tadala kuti avule nsapato, aonetse aunt awa timabala ta kuchidendene, kenako adumphe. Mtsikanayo anali m'gulu lija linabwera pamaliro, mwana wake akuyenda yekha.

Chifukwa chenicheni cha tinsapato tofiira ndinachimva iwo atapita. Amayi anandiuza tili awiri kuseri kwa nyumba, anthu akudya. Anati masabata oyamba titaika Esinati, mwana akamangidwa ankalira, ndipo kulirako kunali kwa Esinati ali khanda, mawu omwewo. A Sakala ankatuluka kukakhala paja pali mpopi, atatseka makutu ndi manja. Kenako anayamba kuchedwa kumsika, akukhoma tinthu. Amayi anati iwo ankaona kuti mwana akusolola mapazi, ndipo anakhala chete, chifukwa nawonso ankafuna kuti m'nyumba mukhale bata. Atanena zimenezi anandifunsa ngati ndadya.

Sabata yatha linali tsiku la Tadala kuchipatala. Watsala pang'ono kukwana zaka zisanu. Sista Mulenga anali atamva kale za imfa ya a Sakala, ndipo anandigwira dzanja. Anamuyendetsa mwanayo m'khonde wopanda nsapato, kupita ndi kubwera. Anamuuza kuti anyonyomale zidendene zili pansi, ayende ndi zidendene zokha, adumphe ndi mwendo umodzi. Kenako anamugoneka n'kukankha phazi lamanzere. Linapita m'mwamba mosavuta. Anati basi, chitsulo chatha ntchito, tizingobwera nthawi ndi nthawi kuti aziona mmene akukulira. Tadala anafunsa ngati ndiye kuti madzulo sazipemphanso kanthu. Sista anati zimenezo akambirane ndi atate ake.

Potiperekeza, Sista anatsegula chitseko n'kutembenukira kumapeto kwa benchi, pakamwa atatsegula kale, monga munthu wozolowera kupereka lipoti kumeneko. Kenako anatseka pakamwa n'kuitana wotsatira.

Ine malo a apongozi angawo ndinali ndisanawayang'anitsitsepo. Ali pakona, pafupi ndi khomo lolowera, pamene munthu atakhala amaona mapazi a aliyense asanaone nkhope. Pakhoma pali banga lakuda pamene mutu unkatsamira, ndipo thabwa la benchi lasalala kuposa kwina konse. Tsikulo anthu anali ambiri. Azimayi awiri anali chiimire, makanda olemera ndi pulasitala ali m'manja, koma pakonapo panali popanda munthu. Palibe ngakhale anaikapo chikwama.

Ndikumuveka Tadala nsapato, kunalowa mtsikana wina wachilendo, khanda lili m'bulangete lokutira mpaka kumapazi. Anaima pakhomo akuyang'ana uku ndi uku, anaona danga, n'kukhala pomwepo. Azimayi anayang'anana. Kenako mayi amene anali pafupi naye anasendeza thumba lake, n'kumufunsa kuti mwanayo wabadwa liti. Zimene anayankha sindinazimve, chifukwa Tadala anali atafika kale kuchipata, ndipo ndinayenera kumuthamangira.